Kapepala ka Mabuku Anayi

Izi sindinauzepo munthu. Lero ndatsegula buku lakale lonunkha chinyezi, ndipo mtima wanga wawira.

Ndinali nditamera kale ndevu ndili Sitandade 4. Mayi wina wa ku laibulale ku Limbe anandilembera pakapepala mabuku oti ndiwerenge: la mainjini, la malonda, la matenda, ndi lina la mmene maiko ena amasankhira atsogoleri.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Anyamata a chipanicho, pofufuza makadi a umembala pamsika, anakapeza kapepalako m'thumba mwanga.

"Iwe chindevu, wakulembera ndani?"

Atandimenya mbama imodzi, ndinawatchula mayiwo. Imodzi yokha! Galu ine.

M'mawa mwake ku laibulale, pampando wa mayi uja panali bambo wachilendo. Ndinabweza buku limene ndinabwereka, n'kunena kuti, "Pepani bwana, ine sindidziwa kuwerenga."