Wodwala Woyerekeza wa Easter

Aliyense wogulitsa pa Njuli amamudziwa Easter Kalinde, namwino uja amadutsa pamsika akuyankhula yekha, waya wa foni uli m'khutu. Si misala ayi. Akuphunzira Chingerezi choyankhulira ndi odwala, poti akufuna ntchito yosamalira okalamba kunja, ndipo mayeso ake ndi apakamwa.

Chingerezi cholembera anali nacho. Chofunsira munthu pamene pakumupweteka ndicho chinkamuthawa. Mphunzitsi wa pafoni anati apeze munthu woti aziyerekeza kudwala, ndiye Easter anasankha bambo ake, amene kale ankaphikira mzungu ku Limbe.

A Kalinde si munthu wodandaula. Ukawafunsa m'mawa, yankho ndi limodzi: "Tadzuka." Koma atakhala pakhonde ngati wodwala, anasintha.

"Mukumva bwanji lero?" anafunsa Easter m'Chingerezi.

"Chakudya chikumaima pakhosi, sisitala," anayankha m'Chingerezi chosalala. "Nyama ndinasiya kale."

Easter anakondwa kuti wapeza katswiri wa sewero. Koma mawa lake matendawo anapitirira pamene analekezera: tsopano ngakhale mbatata sikudutsa, lamba amubooleranso bowo lina. Wongopeka amaiwala zadzulo. Awa sankaiwala.

Phunziro litatha, anawafunsa m'Chinyanja, "Ababa, zija mumanena zija n'zoona?"

"Iwe unati ndidwale, ndadwala. Kapena Chingerezi changa chakukulira?"

Anaseka, nanyamula khasu. Easter anawayang'ana akupita kumunda. Munthu wodwala n'kumalima chonchi? Komatu masiku ano ankadyera okha kuseri, ati kuthawa phokoso la zidzukulu. Lamba analidi ndi bowo latsopano, koma lamba wakale amatamuka. Akawafunsa ngati mwana wawo, ankamuseka. Akawafunsa ngati namwino, m'chiyankhulo cha eni, ankamuuza zonse, ndipo iye sankadziwa ngati akumva bambo ake kapena sewero.

Loweruka linali tsiku la mayeso oyeserera. Easter anazimitsa foni, n'kuitana njinga ziwiri za kabaza.

"Bambo," anatero m'Chingerezi, "lero tikutumizani kuchipatala chachikulu akakuunikeni pakhosi."



"Chabwino, sisitala," anayankha a Kalinde m'Chingerezi chomwecho, nalowa m'nyumba kukatenga jekete.

Njira yonse Easter ankayang'ana msana wawo panjinga yakutsogolo. Jeketeyo inkawakhuthuka m'mapewa. Sanayerekeze kuwayankhula m'Chinyanja, kuopa kuti angamuuze kuti adzuka bwino, n'kutsika.