Ayezi wa a Majuzi

Dzina loti a Majuzi anawapatsa ndi ophunzira, poti ngakhale dzuwa liswe mtengo, iwo majuzi awiri pathupi. Sikuti ankadwala ayi. Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ankagwira ntchito m'kachipinda kozizira ka labotale ya payunivesite, kumata ayezi m'kati mwa machubu agalasi.

Musaiderere ntchitoyo, inu. Ayeziyo ankafunika wopyapyala ngati khoko la anyezi, wosalala, wopanda ndi kamng'alu komwe. Akatero, ophunzira ankadutsitsamo mpweya wa asidi n'kuyeza kuchuluka kwa umene wakakamira pa ayeziyo, ati kuti amvetse zochitika m'mitambo yozizira kumwambaku. Ayezi akakhala wokhakhala ankagwira mpweya wambiri, ndiye miyezo yonse inkangotayidwa kudzala.

Chinsinsi chawo chinali chimodzi: potembenuza chubu sankapuma. Mpweya wa m'kamwa ukangolowamo, kachifunga kankaundana pomwepo, basi zawonongeka. Chizolowezicho anafika nacho ndi kunyumba komwe.

“Abambo, mukutsegula firiji kapena mukudumphira padziwe?” ankawaseka akazi awo.

Kenako kunabwera chifuwa, chija chosamva mankhwala. Anachibisa miyezi itatu. Ankadziwa kuti akangoulula, m'kachipindamo salowamonso, nanga munthu wa zaka zawo akayambira pati? Machubu anayamba kutuluka okhakhala pang'ono, moti wozindikira anali iwo okha.

Tsiku lina anapeza mayi wina wophunzira, amene anangotsala ndi miyezo yomaliza, atazolika pa tebulo akulira. Apulofesa anali atamuuza kuti manambala ake ndi osokonekera, ndipo akapanda kulongosoka mwezi womwewo, maphunziro athera pomwepo.

“Mwina mutu wangawu ndi wosagwira, achimwene,” anatero mayiyo.

A Majuzi zinawawawa kwabasi. Anaima pakhomopo akuseweretsa makiyi, mantha ali tho, manyazi ali tho.

“Mutu wanu ulibe mlandu, achemwali. Ndine. Ndikumatsokomolera m'machubu mwanu.”

Anapita okha kukawauza apulofesa, ndipo anapemphako chinthu chimodzi chokha: sabata imodzi yoti amuphunzitse mayiyo. Lolemba chubu chinasweka. Lachitatu ayezi anatuluka ngati nsana wa chule, onse awiri n'kuphulika kuseka. Lachisanu anamusiya yekha m'katimo, iwo n'kuima kunja kwa chitseko chagalasi, komwe akanatha kutsokomola momasuka. Koma kodi anatsokomola? Anapezeka agwira mpweya limodzi naye, mpaka maso kufiira. Mayiyo anakweza chubu chija pa getsi. Chinali see, kusalala.

Masana ake a Majuzi anatulukira pakhomo pawo dzuwa likadali pamutu. Akazi awo, amene ankayanika zovala, anawayang'ana nthawi yaitali. Mwamuna wawo anali atangovala shati basi.

“Majuzi aja mwasiya kuti?”

“Ndapatsa wowafuna,” anayankha.

 Akazi awo anasiya beseni pansi n'kukawatengera mpando, nauika padzuwa.