Kabuku Koyambira ku Manda

Amene munagulapo mbaula kapena ndowa pa Nselema mukuwadziwa Che Zubairu, bambo aafupi aja okhoma malata pansi pa mtengo wa mango. Munthu wamakani ngati ameneyo sindinamuonepo. Ukawauza kuti ndowa yawo ikudontha, amakuyankha kuti madzi akowo ndiwo oonda.

Sukulu ya boma sanapondeko. Ali mwana anaphunzira ku madarasa, kumene buku limatsegulidwa kuyambira kumanja. Zilembo zathuzi anazidziwa ndevu zitamera kale, ku sukulu ya kwacha. Mawu ankalemba bwinobwino ngati wina aliyense, koma dzanja lawo linakana chinthu chimodzi. Buku kapena kope lililonse ankalitembenuza, n'kuyambira kumene ife timati kumapeto, kumabwera chakutsogolo. Aphunzitsi anayesa kuwaletsa mpaka anatopa okha.

Akazi awo, Abiti Hassani, dzina lawo Kulusumu, anadwala nthawi yaitali. Miyendo inayamba yatupa, kenako inakaniratu, munthu n'kukhala wapamphasa. Zidzukulu zonse zinabadwa iwo ali chigonere. Ndi m'zaka zimenezo pamene Che Zubairu anagula kope n'kuyamba kulemba moyo wa akazi awo, tsamba limodzi nkhani imodzi. Tsamba loyamba linali la pamsika wa thonje ku Ngokwe, pamene anaona mtsikana atasenza mtolo, thonje lili mbuu m'tsitsi, namufunsa dzina iye n'kukana. Kenako ukwati, kubadwa kwa mwana wawo Fauziya, chaka cha njala, ndi tsiku limene mayiwo anathamangitsa mbuzi ya eni ndi chipande mpaka kumsewu.

Abiti Hassani sankatha kuwerenga, choncho amuna awo ankawawerengera masana akaweruka. Eee, mikangano yake! "Bodza limenelo, nsalu ija inali yobiriwira," mayiwo ankatero. Bambo amakani aja ankafufuta mwakachetechete. Tsiku lina mayiwo anati, "Mudzalipange buku lenileni, lachikuto. Ana awa adzadziwe kuti ine sindinabadwire pamphasa." Che Zubairu analonjeza. Tsamba lomaliza analemba atangobwera kumanda, dothi likadali kumapazi.

Anatsimikiza kuti kabukuko kagawidwe pa sadaka ya arobaini, tsiku limene abale amasonkhananso kudzapempherera malemu. Ananyamuka ulendo wa ku Balaka, kumene Fauziya anakwatiwa, ndipo iye anawalozera kashopu kotayipa ndi kupulinta. Munali mtsikana, dzina lake Lilian. Analandira kope ndi manja awiri.

"Agogo, ndikatayipa mubwere tidzaonere limodzi ndisanapulinte."

"Kuona chiyani? Ndinalemba ndekha. Inu kopelani basi."

Mwaona makani? Lilian anachita zimene anauzidwa. Anatsegula kope monga titsegulira tonsefe, anadumpha masamba oyera amene anatsala kutsogoloko, n'kuyamba ndi nkhani imene anaipeza koyamba. Masamba analibe manambala. Mwana wa eni akanadziwa bwanji? Magetsi nawo anali othimathima, moti timabukuto tinatuluka mawa lake kuli sadaka, topinda pakati, tomenyedwa sitepula, chikuto cha buluu. Che Zubairu anatenga kamodzi, anakatembenuza monga mwa chizolowezi, natsegula kumanja kwawo kuja. Ngokwe, thonje, mtsikana wokana dzina. Zonse zili m'malo mwake! Anamuyamikira Lilian, chinthu chimene sachitachita, nakwera minibasi katoni ili pamiyendo mpaka ku Nselema.

Pa sadaka, mapemphero atatha, anthu atadya mpunga, timabuku tinagawidwa. Abambo anakhala kukhonde, amayi kuseri kwa nyumba pamodzi ndi ana. Amayi ambiri sankatha kuwerenga, ndiye anapempha Fauziya kuti awawerengere mokweza. Mawu ake ankamveka mpaka kukhonde.

"Lero ndabwera kumanda ndekha. Mphasa yako ndaipinda, koma sindikudziwa poiika."

Che Zubairu anadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu. Amenewo ndi mawu omaliza, akuyamba nawo bwanji? Anazungulira nyumba.

"Iwe Fauziya! Ukuwerenga chobwerera!"

"Iyayi bambo, tsamba loyamba ndi ili."

Anawaonetsa nambala pansi pa tsamba. Pamenepo m'pamene anazindikira. Kabuku konse kanali chagada, ndipo kanali kale m'manja mwa anthu a ku Ntaja, a ku Liwonde, a ku Ngokwe komwe. Manyazi ndi chisoni zinawagwira. Chinthu chimodzi chokha chimene anawalonjeza malemu, chimenecho n'kuchiwononga! Anafuna kulanda timabuku tonse, koma mayi wina wachikulire anati, "Che Zubairu, musiyeni mwana amalize." Mphamvu zokangana zinali zitawathera. Anangotsamira chipupa.

Fauziya anapitiriza. Tsamba lotsatira, amayi ake anali moyo, akumwa phala pang'onopang'ono. Lotsatiralo anali atakhala tsonga, akutsutsa za mtundu wa nsalu. Kenako anaimirira ndi ndodo. Kenako ndodo ija panalibe, anali kumunda, khasu lili paphewa. Atafika pa mbuzi ndi chipande, kamdzukulu kena kanafuula, "Anganga ankathamanga?" Amayi omvetserawo anaseka misozi ili mbwembwembwe. Fauziya mwiniyo anapezeka ali kumsana, kenako ali m'mimba, kenako kulibe. Tsamba lomaliza, mtsikana anaima pamsika wa ku Ngokwe, miyendo yake ili gwa, thonje lili m'tsitsi, akukana kutchula dzina lake. Buku linathera pomwepo.

Anthu anabalalika dzuwa litapendeka, aliyense ndi kabuku kake. Mpaka lero pa Nselema akakumana nawo amawauza kuti analemba mwanzeru, ndipo iwo amangopitiriza kukhoma malata awo.

Tsiku lotsatira sadakayo, Fauziya akumanga katundu wobwerera ku Balaka, anati, "Ndikamuuza Lilian akonze, atulutse tina." Bambo ake anali pakhonde ndi kabuku kawo. Anali atayesa kangapo kukatsegula monga atsegulira anthu, koma akangoiwala pang'ono dzanja linkatembenuza lokha. Kwa iwo nkhani inkayambabe ku Ngokwe, ndipo tsamba lililonse linkawayandikizitsa ku mphasa ija.

"Asakonze," anatero. Kenako anamupatsira kabukuko. "Minibasi zilipo zambiri. Takhala pansi undiwerengerenso, kuyambira kwanuko. Kwanga kuno amayi ako akumwalirabe."