Bokosi Limene Ndinalitcha "Osaimbira"

Inu owerenga, ine ndinawalakwira mayi ena amene sindinawaonepo nkhope, ndipo chinawapweteka ndi liwu limodzi limene ndinalemba pa kompyuta.

Ndimagwira ntchito pa Boma ku Dedza, m'kaofesi ka bungwe lina kumene amayi ozunzidwa m'banja amaimbako foni kufuna uphungu. Itabwera pulogalamu yatsopano yosungira nkhani za oimba foni, abwana anandipatsa ntchito yotcha maina mabokosi amene alangizi amadzaza: dzina, mudzi, nambala, vuto. Bokosi lina ndinalitcha "Osaimbira", yankho lake Inde kapena Ayi. M'mutu mwanga zinali zomveka. Inde ndiye kuti musamuimbire, Ayi ndiye kuti palibe choletsa. Tanthauzoli sindinalilembe paliponse, sindinafotokozerenso munthu. Ndinkangothamangira kumaliza.

Tsiku lina kunaimba mayi a cha ku Kabwazi. Anachita kuba foni ya amuna awo, amunawo ali kudimba. Analankhula ndi a Zione, mlangizi wathu wamkulu, n'kuwachonderera kuti tisadzaimbe pa nambala imeneyo. A Zione anaona bokosi lija n'kusankha Ayi, kutanthauza kuti ayi, asaimbiridwe. Pulogalamu inamva kuti palibe choletsa, n'kuika nambalayo pa mndandanda wa amayi oti tiwafunse mmene akukhalira.

Mndandanda wa sabata imeneyo unagwera ine. Ndinaimba masana, ndipo atangoyankha ndinatchula bungwe lathu ndi dzina la mayiwo, ndisanamve n'komwe mawu a woyankhayo. Anali bambo.

"Ndiye mkazi wanga amakanena za m'nyumba mwanga kwa inu?"

Ndinamva akuitana mayiwo mokalipa, foni n'kuduka.

A Zione atamva anagwira pakamwa. "Komatu ndinalemba Ayi, mwana wanga."

Kuimbanso sitikanatha, tikanangowaonjezera mavuto. Mayiwo mudzi weniweni sanatchule, dzina anapereka loyamba lokha. Abwana anakanena kwa oyenera, koma akanakafuna ndani? Titaunika nkhani zakale tinapeza kuti alangizi ena ankamva bokosilo ngati a Zione, ena ngati ine, ndipo palibe amene ankakumbukira kuti pa munthu uti anatanthauza chiyani. Tinasiya kuimbira onse. Alipo amayi amene tinawalonjeza kuti tidzawaimbira, mpaka lero akudikira.

Ine ndidakali pa mpando womwewo. Kukhala kumandiwawa, kusiya ntchito ndimaopa, poganiza kuti mwina mayi aja adzaimba ine nditachoka, osamva kupepesa kwanga. Kaya ali bwanji, sindikudziwa. Foni ikalira ndimathamangira kuyankha.

Inu amene mumapatsidwa ntchito ngati yangayi, musamayese kuti zomveka kwa inu n'zomveka kwa onse. Musatche bokosi dzina lokana n'kufunanso yankho la Ayi. Lembani poyera kuti "Muimbireni" kapena "Musamuimbire", ndipo pulogalamu isanayambe ntchito, itanani anzanu awiri muwafunse payekhapayekha zimene amva. Ine sindinafunse, ndipo amene anavutika chifukwa cha kufulumira kwangako ndi mayi amene anatikhulupirira.