Galasi Lotambalala la Mateus

Pa Nyimba ukafunsa Mateus wa vidiyo, akuloza ndi mlomo kuseli kwa msika, kunyumba ija inali sitolo ya kopaletivu isanagwe. Ndi uja wamfupi, wa makutu oima ngati akumvela nkhani za eni, woyenda mothamanga ngati pansi pakuotcha.

Kuno anabwela ali pamsana pa amake, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki. Anakulila ku Ukwimi, kumsasa wa othawa nkhondo. Nkhondo itatha anzawo anakwela malole kubwelela kwawo, koma amake anati iwo atopa kusenza mphasa, chimanga chamela kale, sapita kulikonse. Sukulu anailekela giledi faivi. Khasu ankalidziwa, koma iye ndi khasu sankapatsana moni. Chimene chinamudya mutu ndi vidiyo. Tsiku loyamba kuonela filimu ya kalate ku Petauke, anatuluka akumenya mateche mitengo yonse ya m'njila, hiyaa apa, hiyaa apo, mpaka mtengo wina unamubwezela, chala chachikulu n'kutupa sabata ziwili.

Zaka zija zipani zitachuluka, aliyense anasanduka wamalonda. Mateus anagulitsa nthochi pa mawindo a mabasi, anagulitsa zovala za salaula, anagulitsa mabatile a wailesi ena amoyo ena akufa. Kenako anakwatila Esnart, mwana wa a Daka a ku Ndake, n'kukakhala kwa apongozi kulima thonje. Zaka ziwili analima modabwitsa, kulawila m'mamawa, kupopela mankhwala, kutola thonje mpaka zala kung'aluka. A Daka ankamutama pa tchalitchi kuti mkamwini ngati uyu kulibe. Sankadziwa kuti munthuyo akulimila kompyuta.

Atawauza kuti afuna kukatsegula vidiyo yake, a Daka anayang'ana ng'ombe zawo. Ndiye anati chabwino, apite ku Nyimba akayese chilimwe chimodzi. Koma mvula yoyamba ikagwa mabenchi ali opanda anthu, ngolo ibwela kudzatenga iye, mkazi, mwana ndi chigalasi chakecho, ndipo nkhani ya vidiyo isadzamvekenso pakhomo pawo.

Chinali chaka cha 2007. Mateus anapita ku Lusaka, n'kubwela atafungata galasi la kompyuta pamiyendo, lokulungidwa m'bulangete ngati khanda. Kondakitala atati aliike pamwamba pa basi, anamufunsa ngati iye mwana wake amamuika pamwamba pa basi. Galasilo linali lopyapyala, lotambalala ngati thileyi, lopanda chimsana chija cha ma TV. Anthu anabwela kudzangolizungulila, kusuzumila kumbuyo kufuna pamene anthu a mufilimu amakhala.

Pa Nyimba panali kale vidiyo ya a Wilbroad, zaka naini akuonetsa matepi pa TV yawo ya chimsana. Munthu wamtali, wokamba ndi mphuno, kamtengo kotokosela mano sikachoka pakamwa. Atamva za galasilo anangoti, nyee nyee, tiona, chinthu chopanda mimba chingasunge filimu yonse bwanji.

Loweluka masana Mateus anatseka mawindo ndi masaka, anthu anadzaza mabenchi mpaka ena kukhala pansi. Iye malaya oyela, nsapato zopolisha, chala chili pa batani. Anadina. Nyimbo inalila, gudumu gudumu, filimu inayamba. Koma pamwamba panali lamba wakuda, pansi lamba wakuda, anthu a mufilimu ali pakati pokha ngati ukuwasuzumila pampata wa mpanda wa bafa.

Anthu anadikila kuti mwina zitseguka. Sizinatseguke. Kumbuyo wina anati, "Iwe Mateus, vundukula tione zonse."

Basi nkhani inafala msika wonse kuti Mateus amaonetsa theka la filimu, zina amabisa. Amayi a mvano anati pansi pa zakudazo pali zolaula, n'chifukwa chake waphimba. Anyamata a pa siteshoni anati zoona, pali zolaula, n'chifukwa chake avundukule. Pa nkhani imeneyi pokha ndiye amayi a mvano ndi anyamata a pa siteshoni anagwilizana.

Choseketsa n'chakuti Mateus nayenso anakhulupilila kuti galasi lake likubisa zinthu. Anakanda zakudazo ndi chikhadabo. Anapukuta ndi nsanza yonyowa. Anagwada pansi kusuzumila chakumwamba, kenako anakwela pa benchi kusuzumila chakumunsi. Esnart anamupeza ali pa benchipo, khosi lili pindike, n'kungoika madzi akumwa pansi n'kutuluka.

Mateus anaimba foni kwa amene anamugulitsa ku Lusaka. Uja anati ndi nkhani yaing'ono, pali podina kuti chithunzi chidzaze galasi lonse. Mateus anadina. Zakuda zinachoka, iye anavina chipinda chonse, anatuluka kukaitana anthu pamsika kuti manje zavundukuka. Anthu anabwela. Koma a mufilimu onse anali atatalika n'kuonda ngati chaka cha njala chija. Nkhope ngati mabilinganya. Hachi miyendo ngati nsungwi. Galimoto ikudutsa, mateyala ngati mazila oimika. Ngwazi ikalowa ndi ukali wake wonse, anthu ankagwa ndi phwete, wina n'kukuwa kuti mupatseni phala ayambe wadya. Anaseka, koma mawa lake sanabwele.

Anaimbanso foni. Uja anati ndiye adine pena, pokulitsa. Apa anthu ananenepa bwino, galasi linadzaza, koma m'mbali munadyeka. Amuna awili akukangana, wina uku wina uku, pagalasi pakuoneka mphuno ziwili chabe zikulozana, pakati pali khoma. Mawu olembedwa pansi aja anaduka mutu ndi mchila, mphunzitsi amene ankawelengela anzake anatuluka atakwiya. Pofika mwezi wa Okutobala, pa mabenchi a Mateus pankagona mphaka. Kwa a Wilbroad anthu ankachita kupanikizana pakhomo.

Mateus anabwezela malamba akuda aja, popeza mwa zoipa zitatuzo chimenechi ndiye sichinkasintha anthu nkhope. Kunja mitambo inayamba kusonkhana chakumadzulo, kutentha kuja kwa mvula ili pafupi. Esnart sanamunyoze ngakhale tsiku limodzi. Anangoyamba kumanga mapoto m'chitenje, lelo awili, mawa atatu. Kulila kwa mapotowo kunkamupweteka Mateus kuposa mawu.

Lachinayi kunawaza. Lachisanu m'mawa ngolo ya a Daka inaima pakhomo, ng'ombe zikupuma fuu fuu.

A Wilbroad atamva kuti apongozi afika, anaona kuti mpata wotsiliza mdani ndi umenewu. Anakweza TV yawo pa wilibala, deki ya matepi pamwamba, n'kukankha kudutsa pakati pa msika, anthu akutsatila pambuyo ngati kuli ukwati. Atafika anapeleka moni kwa a Daka mwaulemu wonse, ndiye anati iwo abwela kudzathandiza. Ali ndi tepi ya filimu ija aliyense pa Nyimba amaidziwa pamtima, imene anthu anangoitcha Chidazi chifukwa cha mutu wa ngwazi yake, ndipo amva kuti mnyamatayu ali nayo yomweyo pa sidi. Aziike pamodzi, TV apa galasi apa, kuti bambo Daka aone ndi maso awo zimene mkamwini wawo amabisila anthu.

Mateus akanakana bwanji pamaso pa apongozi? Analowetsa anthu ulele, chipinda chinadzaza kuposa tsiku loyamba lija, ena anachotsa saka limodzi n'kulowetsa mitu pawindo. A Daka, amene anali asanaonelepo filimu chibadwile, anawaikila mpando kutsogolo penipeni, ndodo ili pakati pa miyendo. Ndiye vuto lina: mkamwini sangakhale mophatikana ndi apongozi. Mateus ananjuta kukhoma, kutali, dzanja lokha litatambasuka kufikila mabatani, ngati munthu akuba nyama m'poto.

Iye ndi a Wilbroad anawelenga pamodzi, wanu, thu, fili, onse n'kudina.

Maso onse anathamangila pamwamba pa TV ya a Wilbroad, kufuna kuona zimene lamba wakuda amaphimba. Pamwamba pa dazi la Chidazi panali kathambo kochepa. Kwa Mateus, kathambo komweko. Anayang'ana pansi. Kwa a Wilbroad chithunzi chathela m'mawondo, kwa Mateus m'mawondo momwemo. Anthu anayamba kung'ung'udza. Anyamata a pa siteshoni anakhumudwa poyela. A Wilbroad anasuntha kamtengo kuchoka mbali iyi kupita mbali iyo, n'kuti dikilani, zili kutsogolo.

Filimu inafika pamene mphunzitsi wokalamba wa Chidazi amafa. Mkuluyo amakhala yekha pabwalo akumwa tiyi, mwadzidzidzi amagwila khosi, kapu phwaa, iye khu pansi. Nyimba yonse inkadziwa kuti anafa ndi mankhwala otumizidwa mumphepo, popeza pafupi palibe munthu. A Wilbroad eni ake ndiwo ankafotokoza choncho nthawi zonse, ndipo apanso anatsegula pakamwa kuti afotokoze.

A Daka anakweza ndodo, kuloza kumapeto kwenikweni kwa galasi la Mateus.

"Nanga uyo wabisala kuseli kwa mtsukoyo ndani?"

Aliyense m'chipindamo ankayang'ana pakati, pamene pali mkulu wakufayo. Koma a Daka akhala zaka makumi anayi akulondela chimanga, ndipo nyani salowela pakati pa munda. Diso lawo linazolowela kuyenda m'mphepete. Mateus anabweza filimu pang'ono ndi dzanja lake lotambasuka lija, n'kuimitsa. Kumanzele, kuseli kwa chimtsuko, kunali wophika wa pasukulu ya kalate ya mkuluyo, wonenepa uja, amene pamalilo amalila kuposa onse mpaka kugubuduka pansi. Anali ndi kansungwi pakamwa, masaya atafufuma, akuuzila kamuvi.

Mitu yonse inatembenukila ku TV ya a Wilbroad. Kumeneko kunalibe mtsuko, kunalibe wophika. Chithunzi chinathela pa chipilala, kupitilila apo ndi pulasitiki ya TV.

Chipinda chinaphulika. Mabenchi anagwa. A pawindo ankafotokozela a kunja, a kunja n'kuthamanga kukafotokozela a kumsika. Mayi wina wogulitsa tomato anagwila mutu, akuti iye wophika ameneyu wakhala akumulilila zaka zonsezi, kumumvela chisoni ngati mbale wake, kani ndi njoka. Anamuuza Mateus abweze, anabweza. Abwezenso, anabwezanso, kasanu konse, ndipo nthawi iliyonse wophika akafufumitsa masaya anthu ankamutukwana ngati akumva.

Kenako anawatembenukila a Wilbroad. Mphunzitsi uja wowelengela anzake mawu anati, "Zaka naini, bambo. Zaka naini mukutidyela m'mbali, ife tikunamizila mphepo."

A Wilbroad anati tepiyo anaigula ili choncho, iwo sanadulepo kanthu, ndipo zinali zoona. Kamtengo kanali katagwa pansi osadziwa. Anaima pang'ono akuyang'ana galasi la Mateus, ndiye anazimitsa TV yawo okha, n'kukankha mnyamata wina pa benchi kuti sendela, nanenso ndione.

Anaonela mpaka kumapeto, ndipo inali ngati filimu yatsopano. Pamene ankadziwa kuti Chidazi amamenya anthu atatu, anali asanu ndi atatu, ena akudikila m'mbali ndi zibonga. Pamene ankati wapenga, akukamba yekha, anali akukamba ndi mkazi ali pakhomo. A Daka ndodo inali m'mwamba nthawi yonse, uyo, uyo, winanso uyo. Za malamba akuda palibe anazitchulanso. Mateus ali kukhoma kuja misozi inkatsika, akuseka, dzanja lachita dzanzi koma osalibweza.

Itatha, a Daka anatuluka kukamanga ng'ombe pa goli. Mphepo inali ikununkha mvula. Mateus anagwada chapatali, manja pamodzi, mutu pansi. Esnart anaima pakhomo, mwana kumsana, mtolo wa mapoto pamutu, osadziwa ngati akweze kapena atsitse. A Daka sanayang'ane mkamwini, anakamba ndi mwana wawo.

"Mafilimu osadulidwa m'mbaliwa, amuna ako ali nawo angati?"

Esnart anayang'ana Mateus. Mateus anayankha akuyang'ana dothi kuti katoni yonse, bambo.

A Daka anamanga chingwe, kuchikoka, kuchimanganso. Ndiye anati Esnart atsitse mapotowo, akumupweteketsa khosi chabe. Thonje la chaka chino alima ndi ana a mlongo wawo. Koma mpando wakutsogolo uja Lachisanu lililonse usakhalidwe ndi munthu, chifukwa anthu a pa Nyimba, mmene awaonela iwo, sadziwa kuyang'ana.

Anakwela ngolo yopanda katundu, n'kukuwila ng'ombe. Mateus anakhalabe chogwada mpaka ngolo inakhota pa msika. Ndiye anadumpha, anazungulila Esnart kawili, mapoto ngwee ngwee pansi, n'kuthamangila m'kati, kumene anthu anali atayamba kale kumenya mabenchi kuti aike ina.