Dzanja la amayi pa kabureta

Pikapu ya abambo inkavuta kudzuka m'mwezi wa Juni. Kwathu ku Chezi kumazizira m'mawa, ndipo waya wa choko, wothandiza injini kudzuka kukazizira, udaduka ine ndisanayambe sukulu. Abambo sadagule wina. Ankatsekula boneti, kuvundukula sefa ya mpweya, n'kuthira petulo wodzaza kachitsekero ka botolo m'kamwa mwa kabureta, chitsulo chosakaniza petulo ndi mpweya. Kenaka ankaitana.

"Mayi, dzanja!"

Amayi ankasiya tsache n'kudzatseka kamwa la kabureta ndi chikhatho. Abambo akapotoza kiyi, injini inkayamwa chikhathocho, kutsokomola kawiri, n'kulira. Nthawi yochotsa dzanja ankaidziwa amayi okha. Ine ndidayesapo kangapo. Ndikafulumira inkazima, ndikachedwa petulo ankasefukira.

"Usamanyade," abambo ankawaseka amayi. "Ndidzagula choko."

"Gulani. Tione ngati adzakuphikirani tiyi."

Abambo atamwalira pikapu idatsala m'manja mwanga. Ndidamanga pafupi ndi nyumba ya amayi, ndipo za m'mawa zija zidapitirira. Chomwe chidasintha ndi wokhala pachiwongolero basi. Koma kabureta idatopa. Amayi amayenera kuonekera kuchipatala ku Madisi mwezi ndi mwezi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo tsiku lina injini idazima pachikweza. Amayi adatsika, nsapato za kutchalitchi zili kuphazi, n'kuikapo dzanja. Sidalire. Tidakhala pamsewu mpaka dzuwa kupendeka, mankhwala awo atatha dzulo lake.

Makaniko wanga wa ku Madisi ndi mkulu wa ndevu zoyera amene amatseka galaja Lachisanu masana kupita kumzikiti. Adaimasula kabureta ija, kuiyang'ana padzuwa, n'kupukusa mutu.

"Akulu, iyi yagwira ntchito yake. Zipangizo zake simuzipeza ngakhale ku Lilongwe. Tiikemo injekishoni."

Adandifotokozera pang'onopang'ono. Petulo azibwera ndi pampu yamagetsi, ndipo kabokosi ka kompyuta kazimuyeza kokha n'kumufayira mu injini. Zitsulo zina adazichotsa pa galimoto yakufa, kabokosiko adaitanitsa kotsika mtengo, kosaposa buku la nyimbo kukula kwake. Ntchito idatenga milungu itatu. Adaboola paipi ya utsi kuti aikepo kachipangizo konunkhiza utsiwo, adayala mawaya, adawonjezera paipi yobweza petulo kuthanki. Tidaiyesa pazikweza za msewu wa ku Ntchisi, iye ali ndi laputopu pamiyendo. Idakwera osapumira.

"Iyi sidzafunanso kunyengerera," adatero.

Ndidakondwa. Amayi ndidangowauza kuti galimoto yakonzedwa. Zina zonse sindidawauze, ndipo sindidaganize n'komwe kuti pali zowauza.

Tsiku la kuchipatala litafika ndidatuluka ndi kiyi. Ndidawapeza ataima kale kutsogolo kwa pikapu, atapinda mkono wa juzi, akutikita chikhatho pachitenje kuti chitenthe. Ndidatsekula boneti. Amayi adafunafuna ndi maso. Pamene padali kabureta panali paipi yakuda ndi mawaya. Adaika dzanja pachibokosi cha pulasitiki cha sefa yatsopano. Ndidalowa, kupotoza kiyi, injini n'kulira pomwepo.

Dzanja sadalichotse msanga.

"Achimwene," adatero, "siikuyamwa."

"Ayi, mayi. Tsopano imadziyezera yokha."

"Oo. Yaphunzira." Adatsitsa mkono wa juzi. "Tsekani, tizipita."

Tidafika ku Madisi mzere usanatalike. Chiyambire tsikulo sitidaphonyepo mwezi, ndipo ndikadati ndisankhenso ndikadachita zomwezo. Koma m'mawa wa Juni ndikapotoza kiyi, injini imalira ndisanakonzeke, ndipo tsache limapitiriza kusesa kuseri kwa nyumba.

Pobwerera tsiku lija amayi adafunsa kumene kudapita chitsulo chakalecho. Ndidati chili kugalaja, pamulu wa zotaya.

"Mukachitenge."

Ndidachitenga. Adachitsuka okha ndi palafini, ndipo chili pawindo la kuchipinda kwawo, pambali pa korona. Fumbi lisalowe, adachivundikira kukamwa ndi kansalu.