Nambala Imene Mlongo Wanga Ankaidziwa

Chaka chimene chimanga chinapsa ndi dzuwa kwathu ku Kanakantapa, tonse pakhomo tinasamukira ku kampani ina ya mafoni. Yakaleyo inkadya ndalama ngati mbuzi yolowa m'dimba, pamene yatsopanoyo inkakulola kucheza mpaka khutu kutentha. Mwamuna wanga anagula masimu ku Chongwe, aliyense yakeyake.

Amayi anakana yawo. Mlongo wanga, mwana wawo woyamba, anapita ku Joni kukafuna ntchito n'kungoti zii, zaka ndi zaka. Nambala ya amayi ndi yokhayo imene ankaidziwa pamtima.

"Nikachinja, azanipeza bwanji?" anandifunsa.

Ine ndi pakamwa panga paja ndinati munthu wofuna amake amakwera basi. Koma kafoni kawo kankalowa simu imodzi yokha, ndiye tinagwirizana kuti yatsopano ikhalemo masiku onse, yakale aziyiikamo Lamlungu akaweruka ku tchalitchi. Ankakhala pakhonde madzulo onse, foni ili pamiyendo.

Kenako anadwala, tinapita nawo ku Lusaka, ndipo tinakhalako mpaka mvula inatha. Simu yakale ija inatsala kunyumba. Palibe anatiuza kuti simu ikagona nthawi yaitali, kampani imaitseka n'kupatsa nambalayo munthu wina. Mpaka lero ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa.

Titabwerera, amayi anaiika m'foni, koma inali itafa. Anandipempha kuti ndiimbe nambalayo pa foni yanga. Anayankha bambo wina, kumbuyo kwake kukulira chigayo. Amayi anandilanda foni.

"Pepani atate, iyi nambala inali yanga. Ngati mwana wanga azatuma foni, mumuuze kuti..."

"Ah, amai," anawadula bamboyo, "alipo mwamuna wina anatuma foni mwezi watha, kabili. Nambala yakunja, yaitali. Ninamuuza ati iyi laini ni yanga manje."

"Nambala yake mukali nayo?"

"Ninafuta, amai. Sininazibe."

Amayi anafunsanso: "Anakamba chani?"

Bamboyo anayankha, chigayo chikulirabe.

"Anafunsa ati, kansi amai anamwalira? Ine ninati siniziba. Basi anadula."

Amayi anamuthokoza bwinobwino, monga momwe amathokozera mlendo wobwera kudzapepesa maliro. Anandibwezera foni, nayang'ana kumsewu wafumbi, kumene kunalibe ndi njinga yomwe.

"Koma ine nilipo," anatero.